Chikhadabo pa Dzungu la Nthambi

Sendererani kuno, amayi, mbaula ikadali ndi moto. Koma musandiyankhe zoti tili tonse, chifukwa iyi si nthano. Ndikuuzani zimene ndinaona, ndi zina zimene ndinasankha kusaziyang'ana.

Tinali titakhala zaka zingapo ku America, m'tauni ya South Bend, ndipo mwana wathu Nthambi anali atangopitirira zaka ziwiri. Kumeneko mwezi wa Okutobala mitengo imafiira ngati yawauka ndi moto, masamba n'kuyoyoka onse, kamphepo kolasa m'mafupa n'kuyamba. Kumapeto kwa mweziwo kuli tsiku lomwe amalitcha Halowini. Ana amavala zigoba ndi zovala zachilendo, n'kumayenda khomo ndi khomo madzulo kupempha maswiti. Pakhonde lililonse amaikapo dzungu loboola maso ndi pakamwa, m'kati muli kandulo.

Amuna anga, a Levisoni, sankafuna n'kumva komwe.

"Anthu akusewera ndi ziwanda poyera, inu n'kumati mwana wanga akalowe nawo?"

"Akavala ngati njuchi, bambo a Nthambi. Njuchi ndi chiwanda?"

"Zimayamba ndi njuchi."

Sindinawaone ngati opusa. Ine ndinakulira kufupi ndi Mitundu, kumene gule akatuluka ana timathawira m'nyumba. Ndikudziwa kuti chigoba si nsalu chabe, ndipo kwathu munthu safunsa kuti m'katimo muli ndani. Komanso ndinkaona ana a anzathu a pamsewu wathu, ana olongosoka, amene tsikulo kwa iwo linali la maswiti basi. Nthambi ankaima pazenera kuloza maungu a pamakonde a eni, n'kumati, "Langa? Langa?" Sindinkafuna kuti akule akuonera dziko lobadwira kudzera pagalasi. Tinakambirana mpaka a Levisoni anati, "Dzungu gulani. Koma ine tsikulo ndikakhala kuntchito, ndipo musadzanditumizire zithunzi."

Ndisanapitirire ndikuuzeni za achemwali anga a Enelesi, chifukwa popanda iwo nkhaniyi ilibe mutu. Amayi anga ondibala anamwalira ndili wamng'ono, ndipo anandilera ndi iwowo. Analibe mwana wawo. Anali ndi ine, ndi dimba la maungu lomwe linandifikitsa mpaka ku koleji. Dzungu akafuna kudziwa ngati lakhwima, ankalidinda ndi chikhadabo cha chala chachikulu pafupi ndi kachitsa kake, n'kusiyapo kachizindikiro kokhota ngati mwezi wongooneka kumene. Nthanga ankazitsuka, kuziyanika, kuzisunga. Munthu wotaya nthanga ankamuyang'ana ngati wataya mwana kudzala.

Nditawauza pafoni kuti ndili woyembekezera, analulutira mpaka foni inalira m'khutu.

"Velo, ameneyo womuika kumsana koyamba ndine, wamva? Iwe ntchito yako n'kubala basi. Umadziwa kumanga mbereko iwe, ndi sukulu zakozo?"

Ananditumizira chitenje cha buluu cha nkhanga zoyera kudzera mwa munthu wobwera ku America. Kenako, mwezi wanga uli pafupi, anagwa kudimba osadzukanso. Ndege sindikanakwera. Maliro ndinaonera pafoni, msuweni wanga ataigwira m'mwamba, ndipo netiweki inaduka pamene anyamata ankanyamula bokosi kutuluka nalo m'nyumba. Mudzi wonse unawaperekeza. Ine ndinatsala pampando ndi foni yakuda m'manja. Chitenjecho ndinachipinda n'kuchiika pansi pa sutikesi, ndipo Nthambi anakula akukankhidwa pakangolo ngati ana onse a kumeneko.

Loweruka lina tinapita ku famu ya maungu kunja kwa tauni. Anatitenga pagalimoto yawo ndi Mayi Kowalski, mzungu wachikulire wamasiye amene tinkayandikana naye nyumba, yemwe ankamukonda Nthambi ngati mdzukulu wake. Ku famuko anatikweza pangolo ya thirakitala, titakhalira mitolo ya udzu. Nthambi anaseka njira yonse. Titatsika anathamangira m'munda, akugwa, akudzuka, akukumbatira dzungu lililonse ngati mnzake amene anasowana.

Ine ndinangoima. Munda wake unali waukulu kuposa mudzi wathu wonse, maungu ali mbwee mpaka kumene maso alekezera, ndipo masamba ake onse anangowasiya kuti afote pansi. Palibe anatholako ngakhale tsamba limodzi chaka chonse. Ndinaseka ndekha, ndipo mawu anangotuluka, mokweza, m'Chichewa:

"Achemwali, tabwerani mudzaone nkhwani ukuwola kuno!"

Ndinanena ngati mmene umaitanira munthu amene ali kuseri kwa nyumba. Nditangotseka pakamwa, mphepo yomwe inkawomba tsiku lonse inaleka. Masamba ouma a chimanga cha m'munda woyandikana, omwe ankachita phokoso chifikireni, anangoti zii. Nthambi anasiya dzungu lomwe ankalimbana nalo, n'kutembenuka kuyang'ana kumapeto kwa munda. Kenako anayenda molunjika, osagwa ngakhale kamodzi, mpaka pa dzungu lina losaoneka bwino, la mbali imodzi yophwatalala, n'kukhalapo.

"Ili," anatero.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Misewu ya kumeneko munthu sayenda pansi, makamaka kuminda. Koma tinadutsa mayi wina akuyenda m'mbali mwa msewu, kulowera kumene tinkapita ifeyo. Nkhope sindinaione. Ndinangoona kayendedwe: khosi lili chilili, mapewa osagwedezeka, ngati munthu wosenza dengu lodzaza, chonsecho pamutu palibe kanthu. Nthambi anamubayibitsa. Ndinafunsa Mayi Kowalski ngati amudziwa mayiyo.

"Mayi uti, mwana wanga?" anatero, maso ali pamsewu.

Kunyumba, ndikutsuka dzungu lija, chala changa chinakhudza kanthu pafupi ndi kachitsa. Kachizindikiro kokhota, katsopano, kakadali konyowa.

Ndinadziuza kuti anthu ambirimbiri anadutsa m'munda umenewo, ndipo aliyense ali ndi zikhadabo. Mpaka lero ndimavomereza kuti n'zotheka.

Tinaliboola tsiku lotsatira ndi Mayi Kowalski. Iwo anakokolola zam'kati zonse ndi supuni n'kuzitaya m'chitini cha zinyalala, nthanga ndi zonse. Mtima unandipweteka pang'ono, koma ndinachita manyazi kutola zinthu m'zinyalala pamaso pa mlendo. M'mawa mwake ndinapeza nthangazo zili pazenera la kukhitchini, zotsukatsuka, zoyalidwa bwinobwino kuti ziume, zopanda kanthu m'kati zitapatulidwa pambali.

A Levisoni ankagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalirako okalamba. Atafika ndinawafunsa.

"Ine ndizipisa m'zinyalala? Mwina munatola nokha muli m'tulo. Mwatopa, mayi a Nthambi."

Zimenezonso n'zotheka. Ndinkatopadi.

Kenako kunabwera kusesa. Mbandakucha ndinkamva kuti shwaa, shwaa, panja, mofatsa, ngati munthu wowerama ndi tsache lalifupi la kwathu. Ndikatsegula katani, palibe munthu. Koma masamba onse a pabwalo anali ataunjikidwa pakona, ndipo padothi la m'mbali mwa khonde panali mizere ya tsache, yokhotakhota ngati mamba a nsomba. Mayi Kowalski anabwera ndi keke kudzandithokoza kuti ndawasesera mpaka pakhomo pawo. Ndinalandira kekeyo. Ndikanati chiyani?

Ndikuuzeni zoona, amayi: sindinkaopa. Ndinkadzuka msanga dala kuti ndimve tsachelo. Ndinkagona chagada, maso otseka, n'kumaona ngati ndili pamphasa kwathu, ndipo posachedwa wina andikoka chala cha kuphazi kuti ndikasambe ndisachedwe kusukulu. Chichokereni kwathu, nyumba imeneyo inali isanamvekepo ngati pakhomo mpaka masiku amenewo.

Mantha anabwera kudzera mwa mwana.

Nthambi anayamba kusiya chakudya. Phala ankalikankha, nthochi yomwe ankaikonda ankangoigwira. Madzulo aliwonse thupi linkafunda. Kuchipatala anamuyeza zonse, osapeza kanthu. Ankakhala nthawi yaitali pafupi ndi chitseko chakumaso, osasewera, ngati munthu wodikira basi. Tsiku lina ndinamupeza ataima pakona ya pabalaza, manja ali m'mwamba, akudumphadumpha ngati akufuna kukwera pachinthu.

"Beleke," ankatero. "Beleke."

Mawu amenewo sanawamvepo kwa ine. Sindinamuikepo kumsana chibadwire. Ndinathamangira kuchipinda, ndinatsitsa sutikesi, ndinakhuthula zonse pabedi. Chitenje cha nkhanga munalibe.

Ndinaimbira azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, amene atsala okha mwa akuluakulu kwathu. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Enelesi unamuitana?"

"Ndinangonena mocheza, azakhali."

"Wakufa sadziwa zocheza, Velonika. Enelesi anafa ndi njala ya mwana ameneyo. Sabwera ndi nkhanza ayi, koma akamuika kumsana, akapita naye kumene akukhala. Iye aona ngati akukuthandiza kulera."

A Levisoni nditawauza, sananditukwane ngakhale anali ndi chifukwa. Anakhala pansi, nagwira mutu.

"Dzunguli likatayidwe lero. Loweruka ndiitana abusa ndi amayi a mvano, adzapemphere, chilichonse chili muno chithamangitsidwe."

"Chithamangitsidwe? Bambo a Nthambi, ngati ali iwowo, ndi munthu amene anandilera. Ndiwathamangitse ngati galu wolowa m'khitchini?"

"Nanga ngati si iwowo? Ngati ndi chinthu chongovala nkhope yawo?"

A Levisoni ankaona mwana akuonda, ndipo ankanena zoona. Ine ndinkamva tsache m'mawa, ndipo sindikukhulupirira kuti ndinkalakwa. Ndinawapempha kuti dzungu likhale mpaka Halowini ipite, popeza tsiku lake linkafika Loweruka limenelo lisanakwane. Anavomera mokakamizika. Potuluka kupita kuntchito tsiku la Halowinilo anaima pakhomo nthawi yaitali, akuyang'ana mwana.

"Musamusiye dzanja," anatero.

Ndinamuveka Nthambi zanjuchi zija, timapiko ndi tinyanga. Dzuwa likulowa tinayenda nyumba zingapo za pamsewu wathu. Msewu unali wodzaza: mafupa oyenda, mfiti za zipewa zosongoka, mizukwa ya nsalu za pabedi, onse akuseka, makolo akutsatira ndi makapu a khofi. Nthambi ankalandira maswiti osawayang'ana. Maso ake anali kumbuyo kwathu nthawi zonse. Dzanja lake linkatentha m'dzanja langa.

Tinabwerera, ndinayatsa kandulo m'dzungu, n'kuyamba kugawira ana obwera pakhomo pathu. Chisisira chitagwa, magulu anayamba kuchepa. Ndiye kunabwera kagulu komaliza, tiana tating'ono, tinalandira n'kuthamanga. Titachoka, ndinaona kuti pansi pa masitepe patsala wina.

Anali wamkulu, msinkhu wa munthu wamayi. Anadzifunda kuyambira kumutu ndi chitenje cha buluu cha nkhanga zoyera. Analibe thumba la maswiti. Sananene mawu opempha maswiti amene ana amanena pakhomo. Anangowomba m'manja kawiri, pang'onopang'ono, mmene timachitira odi kwathu.

Kunamveka fungo la utsi wa nkhuni ndi dothi lonyowa la kudimba.

Pakamwa panga panali patayamba kale kupanga funso, koma ndinalimeza. Wovala chigoba safunsidwa dzina. Ndinatsitsa maso, monga anandiphunzitsira achemwali omwewo ndili mwana, ndipo ndinangoona m'munsi mwa chitenje ndi masamba ouma. Mapazi sindikudziwa ngati ndinawaona.

Nthambi anapulumuka m'dzanja langa ngati sopo.

"Beleke!"

Mlendoyo anatembenuka, napereka msana, nayamba kuwerama.

Ndinamugwira mwana pa sitepe yomaliza, timapiko tija tinathyokera m'manja mwanga. Anakuwa, akumenya miyendo, manja atatambasulira kumsana uja. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, mbali ina ya mtima wanga inkati: musiye, kamphindi chabe, analonjezedwa, anadikira. Msanawo ndinkaudziwa. Ndinakulirapo. Palibe malo padziko pano amene ndinagonapo tulo tabwino kuposa pamenepo. Koma thupi la mwana linkaotcha pachifuwa panga ngati mbatata yochokera paphulusa.

Ndinagwada pansi pomwepo, pamasamba.

"Achemwali," ndinatero, maso ali pansi, "mwafika. Mwana wanu ndi uyu, dzina lake Nthambi. Mwamuona. Koma kumsana kwanu sakwera ayi. Ndikukanizani ine, Velo. Mundikhululukire."

Kandulo m'dzungu inkangophethira.

"Munkanena zoona, kumanga mbereko sindidziwa. Ndimuika kumsana kwanga, inu mumange."

Ndinatembenuka, ndinawerama, ndinamuponya Nthambi kumsana mmene ndinkaonera amayi a kwathu akuchitira. Ndinatseka maso. Kwa kanthawi kunalibe chilichonse, phokoso la ana lokha kutali. Kenako nsalu inagwera pamsana pathu. Inakokedwa pansi pa matako a mwana, inadutsa m'khwapa mwanga ndi paphewa, inakungidwa kamodzi mwamphamvu mpaka ndinatulutsa mpweya, monga ankachitira akamandimanga lamba wa yunifolomu. Pachifuwa panga mfundo inamangidwa. Zala sindinazione. Zinali zozizira, ndipo chimodzi chinandikanda pang'ono ndi chikhadabo.

Nthambi analeka kulira. Anatsamiritsa tsaya pakhosi panga.

Ndikanatha kulowa m'nyumba n'kukhoma chitseko, monga amachitira kumeneko mlendo akatsanzika. Koma kwathu mlendo sabwerera yekha kuchokera pakhomo. Umamutulutsa, umayenda naye mpaka pamphambano. Ndipo munthu ameneyu mudzi wonse unamuperekeza kupatula ine.

"Tiyeni ndikuperekezeni," ndinatero.

Tinayenda pakati pa msewu, ine ndi mwana kumsana, ndi mapazi ena akuswa masamba pambali panga, kumbuyo pang'ono kwa phewa lamanzere. Sindinatembenuze khosi. Anthu ovala zigoba ankatidutsa osadabwa. Ndinaganiza kuti m'chaka chonse, ndi madzulo amenewo okha amene mlendo wotere akanayenda m'tauni imeneyo popanda womuloza chala. Mayi Kowalski anali pakhonde pawo ndi mbale ya maswiti.

"Velonika! Simunandiuze kuti muli ndi mlendo. Ndi m'bale wanu? Mukufanana kayendedwe!"

Ndinangokweza dzanja.

Ndinalankhula njira yonse. Ndinawauza kuti Nthambi anabadwa ndi tsitsi lambiri, kuti amaopa makina ochapira, kuti a Levisoni ndi munthu wabwino ngakhale amakonda kukangana. Ndinawauza kuti kuno dzungu amalisema nkhope n'kulitaya, ndipo ndikulumbira ndinamva kakuseka ka m'mphuno kaja, komwe ankaseka akamva zopusa. Ndinayenda pang'onopang'ono mmene ndikanathera. Ndinkafuna msewuwo usathe.

Koma unatha. Kumapeto kwake kuli njanji, ndipo kutsidya kwake kumayamba minda ya chimanga. Ndinaima. Mapazi aja anaimanso.

Mawu amene timanena pamphambano ndi ochepa, ndipo ndawanena kwa alendo osawerengeka. Tsiku limenelo anakana kutuluka. Ndinadziwa kuti ndikawanena, tsache silidzamvekanso. Ndinamva mpweya wa mwana pakhosi panga, wotentha, wofulumira.

"Achemwali," ndinatero, "ine ndabwerera pano. Muyende bwino. Mukapereke moni kwa amayi."

Kanthu kanakhudza mutu wa Nthambi, chifukwa ndinamva tinyanga tanjuchi tikugwedezeka. Kenako masamba anaswekasweka kuwoloka njanji, kulowa m'chimanga, kumka nazilala. Mphepo inayambiranso.

Pobwerera ndinalira mokweza ngati mmene ndikanalirira kumanda, ndipo anthu ankaona ngati ndi mbali ya masewera. Tisanafike pakhomo, khosi langa linanyowa ndi thukuta la mwana. Thupi linali litazizira. Anadzuka tikukwera masitepe, n'kunena mawu amene ndinali ndisanawamve kwa masiku ambiri:

"Mama, phala."

Anadya mbale yonse, napempha ina.

A Levisoni atabwera m'mawa anapeza mwana akuthamangitsa mpira pabalaza. Ndinawafotokozera zonse. Iwo amati malungo a ana amatha okha, ndiponso kuti usiku umenewo anapemphera kuntchito osalekeza. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo sinditsutsa. Abusa anabwerabe Loweruka, tinapemphera, tinamwa tiyi. Koma chitenjecho a Levisoni sanachikhudze. Mfundo yake inandikanika kumasula, ine ndi iwo omwe tinangoiyang'ana, moti ndinachivula chodutsitsa kumutu. Chili m'sutikesi mpaka lero, chomangamanga, ndi mpata wa mwana wa zaka ziwiri.

Nthanga zija ndinazidzala kuseri kwa nyumba chisanu chitatha. Zinamera zonse. Nkhwani wake ndinaphikira Amalawi a m'tauni yonse, mpaka Mayi Kowalski anaphunzira kusadzula masamba.

Nthambi pano ndi wamkulu, ali kusukulu, ndipo sakumbukira kalikonse. Akandiona mu Okutobala ndikutembenuza maungu a m'dimba langa limodzi ndi limodzi, ndikupapasa pafupi ndi kachitsa, amafunsa kuti ndikufuna chiyani. Ndimamuuza kuti ndikuona ngati akhwima.

Onse amakhala osalala. Anamva, achemwali. Sanali munthu wobwerera akaperekezedwa. Ndipo bwalo la ku South Bend ndimasesa ndekha, mbandakucha, ndi tsache lalifupi lomwe ndinapita nalo kumeneko kuchokera kwathu, mofatsa, kuti mwana amene ali m'tulo m'nyumbamo alimve.